Maliro Anga pa Mlatho Wakale

Si anthu ambiri amene anamvapo ndi makutu awo nyimbo za pa maliro awo. Ine ndinazimva, ndipo ndinene mosabisa kuti amayi aja anaimba bwino. Mpaka lero ndikamadutsa pamsika, akabaza amavula zipewa n'kundifunsa kuti, "Malemu adzuka bwanji?" Ndimangoyankha kuti ndadzuka, poti n'zoonadi.

Ine ndine telala. Makina anga ali pakhonde la sitolo ina m'mbali mwa msewu wopita ku Senga Bay, ndipo ndakhalapo zaka zambiri moti mpando wanga unachita dzenje. Matenda anga ndi amodzi: ndimalota ndili maso. Phazi likupalasa, singano ikuyenda, koma mutu uli kwina. (Ngati munasoketsako buluku kwa ine n'kupeza mwendo wina wautali kuposa unzake, pepani, tsiku limenelo maganizo anga anali ku mlatho.)

Mlatho ndikunenawu uli pa kamsewu kafumbi kolowera kwa Maganga. Ndi wamiyala, wopapatiza, wa nthawi ya atsamunda, ndipo pansi pake pali makomo awiri okhota amene madzi amadutsamo. Magalimoto anausiya kalekale atamanga wina wasimenti cha kumtunda, koma apanjinga, amayi osenza mpunga ndi ogulitsa usipa amadutsabe pomwepo chifukwa ndi njira yachidule. Kwa iwo ndi powolokera basi. Kwa ine ndi nkhani ina, chifukwa bambo anga ankati anaumanga nawo.

Tili ana ku Lifuwu, bambo ankaifotokoza nkhaniyi mpaka tinailoweza. Ankati miyala inkabwera pa ngolo kuchokera kuphiri, amuna n'kuima mzere kuyambira pamsewu mpaka m'madzi, kumapatsirana mwala ndi nyimbo. Ankati panali kapitawo wamfupi wokonda kuimba likhweru, amene ankagogoda mwala uliwonse ndi nyundo n'kutchera khutu asanaulole kulowa mu khoma. Ankatinso chala chawo chaching'ono cha kudzanja lamanja chinatsala pomwepo, mwala utachiphwanya. Koma pamene nkhani inkakomera ndi kumapeto. Ntchito itatha, anaumba chimwala chasimenti chachikumbutso choti chiime m'mbali mwa msewu. Kumaso kwake kunali zilembo zonena za mlathowo ndi mayina a azungu amene sananyamulepo ngakhale kamwala. Kumsana kwake, simenti isanaume, kapitawo uja analola antchito osadziwa kulemba kuti adindepo manja awo.

"Ukadzaona dzanja la zala zinayi," ankatero bambo, akutambasula chikhatho chawo, "udzadziwe kuti ndine."

Vuto linali lakuti bambo anga ankanenanso kuti anakwerapo mvuu kuchokera ku Lifuwu mpaka pafupi ndi Senga Bay, ndiponso kuti anamezapo mbedza n'kuilavula patatha sabata. Choncho nkhani ya mlathoyi anthu ankaiika m'thumba limodzi ndi ya mvuu. Mayi ankati chala chija chinatsala ku mowa. Achemwali anga, amene ndi aakulu kwa ine ndipo lilime lawo ndi lakuthwa kuposa sizasi yanga, ankati bambo akanakhala ndi zala zonse akanapekabe nkhani ya chala chachisanu ndi chimodzi. Bambo ankaseka nawo, koma ine ndinkaona kuti nkhani ya mvuu ikakanidwa sankadandaula, pomwe ya mlatho ikakanidwa ankakhala chete kwa kanthawi. Anamwalira akutchedwa katswiri wa mabodza, ndipo ngakhale pa maliro awo anthu anaseka pokumbukira mvuu ija. Zimenezi zinandiwawa, ndipo sizinasiye kundiwawa.

Mwina mufunsa kuti bwanji sindinapite kukaona ndekha. Funso labwino. Nditakwatira ndinadzakhala chikamwini m'mudzi wa mkazi wanga, mayi a Chifundo, pafupi ndi mlatho womwewo. Kumapeto kwa mlathowo kunali thengo la minga ndi chitedze, ndipo pakati pa thengolo pankaoneka mutu wa chinthu chasimenti. Zaka zonsezi ndinkadutsa, n'kuchiyang'ana, n'kunena mumtima kuti, "Bambo, ndakuonani." Ndinkadziuza kuti ndikuopa njoka. Zoona zake ndinkaopa kukapeza palibe kanthu. Ngakhale mkazi wanga sindinamuuzepo za manja aja, chifukwa kusekedwa kwa ku Lifuwu kunali kutandikwana, sindinafune kuti kunditsatire kuchikamwini.

Zinthu zinayamba kuipa Lachitatu lina, achemwali atandiimbira foni kuchokera ku Lilongwe kuti akubwera Loweruka kudzationa.

"Mudzandidikire pamphambano," anatero. "Kapena nditumize uthenga kwa mvuu ya bambo idzanditenge?"

Sindikudziwa chimene chinandilowa. Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti, "Achemwali, mukabwera ndikakuonetsani dzanja la bambo pa mlatho. Lilipo. Zala zinayi."

"Mwaliona ndi maso?"

"Ndi maso anga awiriwa."

Iwo anati, "Chabwino, achimwene. Ndikaliona ndidzagwada." Foni itaduka ndinazindikira kuti ndasoka thumba la malaya a munthu kumsana.

Lachisanu masana ndinatseka makina, n'kutenga chikwanje ndi burashi yawaya. Ndinalambula kanjira m'thengo muja, chitedze chikundichita zake, mpaka ndinafika. Chinali chipilala cha makona anayi, chachitali kufika pachifuwa panga, chozikika pamtunda wotsetsereka kulowera kumadzi. Chinali ndi ndere, ndi timanambala tofufutika, komanso mizere yambirimbiri yopingasa: ina ya utoto wofiira, ina ya makala, ina yokanda ndi msomali. Ndinapukusa mutu n'kunena kuti anthu a masiku ano alibe ulemu, angalembelembe bwanji pa chinthu cha mbiri chotere? Ndinagwira burashi n'kukwecha ndi mtima wonse. Mizere yonse ija inachoka, chipilala chinayera bwino. (Kuti mbali yoyang'ana kumadzi inali yopanda thengo, ndipo panali kanjira kopondedwa kofika pomwepo, ndinaona ndithu, koma mutu wanga sunafunse kanthu.)

Kenako ndinayamba kufufuza dzanja. Kumaso kunalibe. Kumsana kunalibe. Ndinakumba pansi ndi chikwanje mpaka ndinafika pa miyala ya maziko, osapeza ngakhale chikhadabo. Ndinakhala pansi, thupi likuyabwa, mtima uli zii. Ndinaganiza za bambo akutambasula chikhatho chawo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinadzifunsa ngati mayi sankanena zoona za mowa zija. Kunyumba ndinangoti ndatopa.

Munthu wanzeru akanaimba foni n'kupepesa. Ine ndinadzuka m'mamawa Loweruka, n'kutenga njereza yotsala pa Khirisimasi ndi kachitini ka utoto wakuda kamene ndinalembera chikwangwani changa cha utelala. Ndinadziuza kuti sindikunama ayi, ndikungothandiza mbiri pamene yafooka. Mayi a Chifundo anakuwa kuti tiyi wapsa, ine ndinali nditakwera kale njinga.

Nditafika ndinavula malaya ndi buluku kuopa kuzidetsa, n'kuzikoleka panjinga. Nsapato ndinazisiya m'mphepete mwa madzi. Ndinapaka chipilala chonse njereza mpaka chinawala, ndipo pamwamba ndinalembapo dzina la bambo anga ndi zilembo zikuluzikulu. Dzina limeneli ndi lomwenso anthu amanditchulira ine kuno, koma zimenezo sizinandifike m'mutu. Kenako ndinaviika dzanja lamanja mu utoto, n'kupinda chala chaching'ono, n'kudinda. Chala chija chinakana kupindika bwino, moti panatuluka zala zisanu. Ndinapakanso njereza, n'kudikira, n'kudindanso. Panatuluka chinthu chooneka ngati phazi la bakha. Kachitatu ndiye zinatheka, koma pofika pamenepo njereza inali m'mikono, pachifuwa, kumaso ndi m'tsitsi momwe, poti chitedze chinkandikandisa thupi lonse.

Ndinabwerera m'mbuyo n'kuyang'ana ntchito yanga. Inali yokongola, kungoti nthambi zinkaibisa. Ndinafuna kuti achemwali adzaione ali patali, choncho ndinadula nthambi zonse zotchinga, tsidya lino ndi tsidya linalo, n'kumaziponya kumbuyo osacheuka. Kumbuyo kwangako kunali msewu.

Apa ndiime kaye. Palibe munthu wobadwira m'dziko muno amene sadziwa tanthauzo la masamba aawisi oikidwa pamsewu, uku ndi uku. Wapanjinga amatsika, wachipewa amavula, wawailesi amatseka, chifukwa pakatipo pali maliro. Ine ndemwe ndatsikapo njinga kosawerengeka chifukwa cha masamba otere. Koma tsiku limenelo ndinaika chipewa changa pamwamba pa chipilala, n'kutsikira kunsi kwa mlatho kuti ndikasambe m'manja, mtima uli mbee.

Kunsi kuja kunali kozizira bwino. Sindinakhalepo kumeneko chiyambire, ndipo ndinadabwa kuti pansi pa msewu wafumbi pangakhale malo abata chotero. Kuwala kwa dzuwa kunkagunda pamadzi n'kumanjenjemera padenga la miyala. Anamzeze ankalowa ndi kutuluka m'zisa zawo zadothi. Mwala uliwonse unali ndi zipsera za chosemera, ndipo unagona pa unzake mopanda mpata woti n'kulowetsapo singano. Ndinatsamira khoma kuti ndingopuma pang'ono, ndikusisita miyala ija ndi dzanja langa lakuda. Ndinayamba kuwaona anthu aja. Anaima mzere kuchokera kumtunda, misana ikunyezimira ndi thukuta, mwala ukuyenda kuchoka m'manja kulowa m'manja. Kapitawo wamfupi ankagogoda n'kutchera khutu. Pakati pa mzerewo panali bambo anga, opanda imvi, zala zonse zisanu zilipo, ndipo anandiyang'ana ngati akufuna kundifunsa kuti ndine mwana wa yani. Ng'ombe za pangolo zinkapumira m'mwamba. Kenako nyimbo inayamba, yapansipansi, yokoka, yokoma moti ndinamva misozi ikutsika. Ndinati mumtima, "Ndiye nyimbo ankanena bambo ija ndi imeneyi."

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti amisiri a miyala aja ankaimba ndi mawu achizimayi.

Ndinatsegula maso. Mthunzi unali utasuntha, dzuwa lili pamutu, koma nyimbo inalipobe. Inkachokera pamwamba panga, ndipo inali ya ku tchalitchi kwathu, ija timaimba poperekeza munthu. Pakati pa nyimboyo ndinamva amuna akulankhula chapansipansi.

"Ndi ng'ona basi. Nsapato ndi izo, zovala ndi izi, njinga ndi iyi."

"Masambawa waika ndani?"

"Amene anayamba kuona. Ine ndapeza alipo kale, ndangotsika njinga n'kuwerenga dzina, n'kuthamangira kumsika."

"Koma chilizachi chamangidwa msanga bwanji? Munthu sanapezeke n'komwe."

"Wadzikonzera yekha. Anthu olotalota aja amadziwiratu tsiku lawo."

Ndinafuna kukuwa, koma ndinadziyang'ana: mwamuna wa zidzukulu, kabudula yekha, woyera ngati wagwera m'chigayo. Ndinaganiza zongokhala phee mpaka anthu atatopa. Ndivomerenso kuti panali kachidwi kena kofuna kumva zimene anthu amanena za ine. Mayi wina anati ndinali munthu wofatsa, wosadziwa kukangana. Ndinagwedeza mutu movomereza. Mnzake anati n'zoona, koma diresi lake ndakhala nalo miyezi itatu ndipo tsopano lapita ndi ng'ona. Bambo wina anati kolala yanga inali yosafanana ndi ya telala wina aliyense, ndipo sindinadziwe ngati kumeneko kunali kuyamika.

Kenako ndinamva mawu amene sindidzawaiwala. Anachokera patali, akuyandikira, osweka.

"Bambo a Chifundo ine! Mwachoka osamwa ndi tiyi yemwe! Ndinakuitanani ine, simunacheuke!"

Takhala m'banja zaka zambiri, ndipo mkazi wanga si munthu woonetsa za mumtima. Mawu ake achikondi ndi akuti, "Mwavala malaya mopotoza." Sindinkadziwa kuti angandilire chotero. Pambuyo pake panamvekanso mawu ena, a achemwali anga, amene uthenga unawapeza akungotsika minibasi pamphambano.

"Achimwene anga ine! Ndinakusekani pa foni, mwafera dzanja la bambo!"

Manyazi anathera pomwepo. Ndinadzuka n'kutulukira khomo lakumunsi, kumene kulibe thengo, manja ali m'mwamba, ndikukuwa kuti, "Ndine! Ndili moyo! Ndine!"

Nyimbo inaduka pakati pa liwu. Anthu anasuzumira pamlatho n'kuona chinthu choyera chikutuluka m'madzi, dzanja limodzi lakuda bii. Wina anakuwa kuti, "Mzukwa!" ndipo zimene zinatsatira sindingazifotokoze mwadongosolo. Njinga zinagwerana. Bambo wina wogulitsa usipa anataya dengu lonse akufuula kuti, "Subuhana Llahi!" Amayi a nyimbo aja anathamanga liwiro limene sindinkadziwa kuti ali nalo. Ine, pofuna kuwatsata kuti ndiwafotokozere, ndinaponda pa chimwala chophwatalala chimene amayi amachapirapo. Panali sopo. Miyendo inapita kumwamba, ndinagwa khuu, n'kutsetserekera m'madzi, mkono wanga utalowa kunsi kwa chimwalacho mpaka paphewa.

"Mwasamba tsopano?"

Amene anafunsayo anali Abiti Yusufu, mayi wachikulire wa tsidya linalo, amene wakhala akuchapa pamenepo kuyambira ine ndisanabwere kuchikamwini. Anali atakhala pambali ndi beseni lawo, manja ali pamiyendo. Anakweza mawu kuitana othawa aja.

"Bwererani inu! Mzukwa suliza mkonono. Ndafika pano munthuyu akuliza mkonono kunsiku mpaka anamzeze kuthawa. Ine ndimati mukulira munthu wina, n'chifukwa chake ndasiya kuchapa."

Anthu anayamba kubwerera mmodzimmodzi. Mkazi wanga anatsika, n'kundigwira kumaso ndi manja onse awiri, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anandimenya ndi nsalu yonyowa ya Abiti Yusufu, kawiri, n'kundiponyera buluku langa. Tonse tinakwera kumtunda, ine patsogolo ngati mbuzi yopita kumsika.

Abiti Yusufu ataona chipilala chija anaima chilili.

"Mizere yathu ili kuti?"

Ndinati ndayeretsa, panali zolembalemba.

"Zolembalemba?" Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Chipilala ichi anadzazika ndi anthu oyeza madzi, ine ndili kale ndi ana awiri. Manambala awo atafufutika tinayamba kulemba tokha. Mzere wapansi ukamira, sitichapa. Wofiira uja ukamira, ana sapita kusukulu. Wa msomali ukamira, akumunsi amasamutsa mbuzi ndi mpunga. Mvula ili pafupi, inu mwapakapo njereza n'kulembapo dzina lanu. Madzi akabwera tidzawerenga dzina lanulo?"

Palibe anaseka. Ine ndinkangoyang'ana zala zakumapazi. Koma choopsa chinali chisanafike. Achemwali anga anali atayandikira chipilala, maso ali ofiira ndi kulira, akuyang'ana dzanja la zala zinayi lija. Analikhudza ndi chala, utoto n'kumatirira. Anatembenuka, n'kugwira dzanja langa lamanja, n'kulitembenuza. Madzi a mumtsinje anali atachotsa njereza, koma utoto wakuda unali pomwepo.

"Achimwene," anatero mwapansipansi, "mabodza a bambo anali okoma. Lanuli ndi lonyowa."

Ndikanakonda ng'ona ija ikanakhala yeniyeni. Ndinayamba kufotokoza pamaso pa akabaza, amayi a nyimbo ndi mwini usipa amene ankatolera nsomba zake m'fumbi. Ndinanena za ngolo, za kapitawo, za chimwala chachikumbutso ndi manja a anthu osadziwa kulemba. Ndinati ndinkangofuna kuti pa nkhani imodzi yokha bambo anga apezeke kuti ananena zoona. Nditafika pamenepo ndinalira ngati mwana, ine munthu amene ankaliridwa posachedwapa.

"Mwala wa manja?" anatero Abiti Yusufu. "Si umene mwagwerapo uja?"

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino.

"Unkaima apa kale," anapitiriza, "ine ndili mtsikana. Chaka china madzi anasefukira n'kuugwetsera kumunsi. Amuna anaukokera m'mphepete, n'kuuika pa miyala, ife tinaona kuti ndi wabwino kuchapira. Zilembo zinali pamwamba. Mayina a azungu aja tinawachapa ife ndi sopo mpaka anatha. Manja ali kunsi."

"Timaenje tija?" anatero mkazi wanga. "Sopo akaterereka timakamutola kumeneko. Aliyense amadziwa kuti kuli manja." Anandiyang'ana. "Zaka zonsezi malaya anu ndimawamenyetsa pamwala umenewo. Mukanangofunsa."

Paja akulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinadya phula zaka zonse za ukwati wanga, uchi uli m'beseni la mkazi wanga.

Tinatsikiranso kumadzi, gulu lonse. Chimwala chija mbali imodzi chinagona pamchenga, mbali ina chinalenjekeka pamwamba pa madzi. Pamwamba pake panali posalala ngati mbale, opanda chilembo ngakhale chimodzi. Ndinagona chafufumimba n'kulowetsa mkono. Poyamba ndinangomva ndere ndi kuzizira. Kenako zala zanga zinagwera m'kadzenje, ndipo kadzenjeko kanali ndi nthambi. Ndinawerenga: zisanu. Ndinasuntha pang'ono, n'kupeza dzanja lina, lalikulu, la zala zisanunso. Ndinakankha phewa mpaka tsaya langa linagunda simenti. Cha kumapeto, pamene mkono wanga unkathera, panali lachitatu. Ndinawerenga kamodzi, n'kuwerenganso, n'kuwerenga kachitatu kuopa kuti ndikulota. Pamalo pa chala chaching'ono panali simenti yosalala.

Ndinangodzuka n'kuwapatsa malo achemwali. Iwo anayang'ana diresi lawo la ku Lilongwe, n'kuyang'ana matope, kenako anagwada. Anagona monga ndinagonera ine, mkono m'madzi, ndipo anakhala choncho nthawi yaitali moti Abiti Yusufu anafunsa ngati agona tulo nawonso.

"Anthu a zala zinayi ndi ambiri," anatero achemwali podzuka. Koma mawu awo sanali akuthwa, ndipo madzi amene anali kumaso kwawo sanali a mumtsinje okha. Atapukuta m'maso anawonjezera kuti, "Za mvuu zija ndiye ndikukanabe."

Ine, poti sindiphunzira msanga, ndinati pomwepo tiitane amuna amphamvu, tiudzutse mwalawo, tiuimikenso m'mbali mwa msewu kuti aliyense wodutsa aone manja a amene anamanga mlathowu. Amayi onse anandiyang'ana nthawi imodzi.

"Ndiye malaya anu ndizichapira pamutu panu?" anatero mkazi wanga.

Nkhani inathera pamenepo. Masamba aja ndinawachotsa ndekha pamsewu, anthu akuonerera. Lolemba lake ndinabwerera ndi burashi, n'kuchotsa njereza, dzina ndi dzanja langa labodza, ndipo Abiti Yusufu anaima pambali pa chipilala kundilangiza poika mizere. Ankayeza ndi thupi lawo: uwu unali m'bondo, uwu m'chiuno, uwu pansi pa bere. Nditafunsa ngati sanafupikeko ndi ukalamba chilembereni mizereyo, anati ndikweze iliyonse ndi zala ziwiri ndipo nditseke pakamwa. Diresi la mayi uja ndinalimaliza sabata yomweyo.

Masiku ano Loweruka lililonse ndimamunyamulira mkazi wanga beseni panjinga mpaka ku mlatho. Akabaza amati malemu anasanduka wochapa. Mkazi wanga akamatsukuluza zovala, ine ndimagona pamwala paja n'kulowetsa mkono m'madzi. Amandikalipira kuti tsiku lina ng'ona idzamva, ndipo masamba aja adzawaika zenizeni. Ndimavomera kuti akunena zoona, koma mkono sindiutulutsa.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinauze achemwali, kapena wina aliyense. Nthawi zonse ndimapinda chala chaching'ono n'kuyesa kulowetsa dzanja langa m'dzanja lija, koma silikwana. Langa ndi lalikulu. Zaka zonsezi ndinkalota chimphona chonyamula miyala, osaganiza kuti pamene ankadinda simenti ija, bala la chala lisanapole bwino, bambo anga anali aang'ono kuposa mwana wanga Chifundo.